Khoswe wa pa Mkhate: Chrome wa ku Shurugwi ndi Mkangano wa Israel ndi Palestine

Dziko la America linakhala zaka 24 mu Khonsolo ya Chitetezo ya bungwe la United Nations osagwiritsapo ntchito veto, mphamvu imene maiko asanu okha ali nayo yogwetsa chigamulo ngakhale ena onse atachivomereza. Linaigwiritsa ntchito koyamba pa 17 Malichi 1970, ndipo nkhani yake inali ya Rhodesia: maiko a mu Africa ndi Asia ankafuna kuti Britain adzudzulidwe chifukwa chokana kugwetsa boma la Ian Smith ndi mfuti, koma America ndi Britain anakana. Veto yachiwiri inabwera pa 10 Seputembala 1972, ndipo nkhani yake inali ya Israel. Kuchokera tsikulo, maveto a America oteteza Israel apitirira 40. Mkangano wa Rhodesia unatha mu 1980, pamene wa Aisraeli ndi Apalestina ukudyabe anthu mpaka lero. Wofuna kumvetsa chifukwa chimene umodzi unathera ndipo winawo ukukanika angayambire ku Washington kapena ku Jerusalem, koma angayambirenso pafupi, ku tauni ya Shurugwi, kumene agogo a anthu ambiri olankhula Chichewa anagwira ntchito pansi pa nthaka.

Shurugwi ndi tauni ya migodi m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe, makilomita opitirira pang'ono 30 kuchokera ku Gweru, m'mapiri amene msewu wa ku Zvishavane umatsika mokhotakhota pa Boterekwa. Azungu anaikhazikitsa mu 1899 potsata golide, ndipo dzina la malowo analilemba monga linamvekera m'makutu mwawo, Selukwe, dzina limene linakhala pa mapu mpaka 1982. Migodi ya golide ya Tebekwe, Bonsor ndi Wanderer ndiyo inayamba, koma chimene chinatchukitsa tauniyi kunja kwa Africa ndi chrome, mwala wofunika popanga chitsulo chosachita dzimbiri ndi zitsulo zopirira moto za m'mainjini a ndege. Chrome wa ku Selukwe anali m'gulu la wapamwamba zedi pa dziko lonse, ndipo migodi yake ikuluikulu inali m'manja mwa kampani ya ku America ya Union Carbide.

Dera limeneli linabala adani awiri aakulu a nkhondo ya ufulu. Ian Smith anabadwira ku Selukwe pa 8 Epulo 1919, mwana wa munthu wa ku Scotland amene ankachita malonda a nyama. Mu 1948 anasankhidwa kukhala phungu wa dera la Selukwe ndipo anagula famu yake ya Gwenoro. Josiah Tongogara, amene anadzakhala mkulu wa asilikali a ZANLA, anabadwiranso m'boma lomwelo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ndipo olemba mbiri amasimba kuti ali mwana ankadziwana ndi banja la a Smith. Wina anabadwira m'tauni imene lamulo linaipatsa azungu, winayo kumbali imene lamulo linasiyira eni nthaka. Lamulo la Land Apportionment Act la 1930 linapatsa azungu pafupifupi 50,000 theka la dziko lonse, maekala pafupifupi 49 miliyoni, pamene anthu akuda oposa miliyoni imodzi anawatsekera m'malo osafika gawo limodzi mwa magawo atatu. Lamulo la Land Tenure Act la 1969 linagawa dziko pakati ndi pakati, ngati kuti anthu 250,000 ndi anthu 5 miliyoni amadya mofanana.

Panali munthu wachitatu, amene dzina lake silipezeka m'mabuku a mbiri ya nkhondoyi. Ndi wa ku Nyasaland, wa ku Fort Jameson kapena wa ku Tete, amene anayenda pansi, kapena anakwera malole a Ulere, kapena analembedwa ndi Mthandizi, n'kudzakhala m'komboni ya mgodi. Ndiye ankaphwanya mwala umene Smith ankagulitsa. Nkhani yake ibwera pambuyo; poyamba pafunika kuona zimene mwalawo unachita.

Smith analengeza pa 11 Novembala 1965 kuti Rhodesia wadziimira payekha popanda chilolezo cha Britain. Palibe dziko ngakhale limodzi limene linavomereza boma lake. Nduna yaikulu ya Britain, Harold Wilson, inali itanena kale kuti sidzatumiza asilikali, ndipo mu Januwale 1966 ku Lagos inalonjeza atsogoleri a Commonwealth kuti ziletso za malonda zigwetsa Smith m'masabata ochepa chabe. Pa 16 Disembala 1966 Khonsolo ya Chitetezo inapereka chigamulo nambala 232, choyamba m'mbiri ya bungwelo kukakamiza maiko onse kusiya kugula katundu wa dziko lina, ndipo chrome anatchulidwa ndi dzina pamodzi ndi fodya, shuga, asbestos ndi nyama. Mu Meyi 1968 chigamulo nambala 253 chinaletsa malonda pafupifupi onse. Masabata a Wilson anasanduka zaka 14.

Akatswiri a ubale wa maiko ali ndi chiphunzitso chimene chimalongosola kulephera kumeneku popanda vuto, chimene amachitcha realism. Hans Morgenthau anachiyala m'buku lake la 1948, ndipo Kenneth Waltz anachikonzanso mu 1979. Mutu wake ndi wakuti pamwamba pa maiko palibe mfumu. M'mudzi, wolakwiridwa amapita kwa anyakwawa, akalephera amakwera kwa gulupu mpaka kwa mfumu yaikulu; pakati pa maiko palibe bwalo lotero lokhala ndi asilikali ake. Choncho dziko lililonse limayang'ana chitetezo chake ndi phindu lake, ndipo lamulo limagwira pokhapokha amphamvu akafuna kuti ligwire.

Nkhani ya chrome ikuoneka ngati inalembedwa kuti ichitire umboni chiphunzitsochi. Malonda ndi Rhodesia ataletsedwa, America anayamba kugula gawo lalikulu la chrome wake ku Soviet Union, mdani wake wamkulu, ndipo mtengo unakwera. Makampani a Union Carbide ndi Foote Mineral, onse okhala ndi migodi ku Rhodesia, anadandaula ku nyumba ya malamulo. Mu 1971 phungu wa ku Virginia, Harry F. Byrd Jr., anawonjezera ndime yaifupi m'lamulo la zogula za asilikali, ndipo pulezidenti Richard Nixon anasaina mu Novembala chaka chomwecho. Kalembedwe ka ndimeyi n'koyenera kukaona bwino, chifukwa dzina la Rhodesia mulibemo. Inangoti pulezidenti sangaletse kugula mwala wofunika pa chitetezo kuchokera ku dziko losakhala lachikomyunizimu ngati mwala womwewo ukugulidwa ku dziko lachikomyunizimu. Ndi mawu ochepawo, kuyambira 1972 dziko limene linavota nawo pa chigamulo nambala 232 linayamba kuchiswa poyera, ndi lamulo lake lomwe. Panthawiyi boma la America linali ndi nkhokwe ya chrome yochuluka koti linkafuna kugulitsako ina, zimene zikusonyeza kuti mantha a kusowa kwa mwalawo anakokomezedwa. Phungu wachikuda Charles Diggs ndi anzake anatengera nkhaniyi ku khoti, koma mu 1972 khoti la apilo ku Washington linagamula kuti nyumba ya malamulo ili ndi mphamvu yophwanya pangano la pakati pa maiko ikafuna kutero.

Britain nayenso sanali woyera. Sitima zake zankhondo zinalondera doko la Beira kuyambira 1966 mpaka 1975 kuti mafuta asafike ku Rhodesia, koma lipoti la Bingham la 1978 linaulula kuti nthambi za makampani a Shell ndi BP zinkathandiza kuti mafuta adutsebe kudzera ku Lourenço Marques ndi ku South Africa. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, poti womenya khosweyo aswanso mkhate. Smith anakhala pa chrome, pa njanji ndi pa malire a South Africa, ndipo onse amene anali ndi chibonga m'manja ankaopa kuswa mkhate.

Wowerenga amene amatsata nkhani za Palestine wazindikira kale chithunzichi. Chigamulo nambala 242 cha pa 22 Novembala 1967 chinanena za kuchoka kwa asilikali a Israel m'malo amene analanda pa nkhondo ya chaka chimenecho. Khoti la International Court of Justice linanena mu 2004 kuti mpanda womangidwa m'kati mwa West Bank ndi wosemphana ndi lamulo, ndipo pa 19 Julayi 2024 linanena kuti kukhalabe kwa Israel m'malo olandidwawo n'kosaloledwa. Chigamulo nambala 2334 cha mu Disembala 2016 chinati midzi ya Aisraeli m'malowo ilibe maziko m'lamulo. Lero anthu okhala m'midzi imeneyi, kuphatikizapo kum'mawa kwa Jerusalem, apitirira 700,000. M'chaka chomwecho cha 2016 America anasaina pangano lopatsa Israel thandizo la zankhondo la madola 38 biliyoni pa zaka khumi. Mapepala alipo ambiri, ndipo wotsatira realism sadabwa kuti sakugwira ntchito.

Komabe chiphunzitsochi chikanakhala chokwanira, Smith akanafera pampando. Lamulo la Byrd linafafanizidwa mu Malichi 1977, Jimmy Carter atangolowa m'boma. Apa ndi pamene otsatira chiphunzitso china, cha liberalism, amene mmodzi wa akuluakulu awo ndi Robert Keohane, amalowerera. Iwo amati mabungwe ndi malamulo a pakati pa maiko sagwira munthu pakhosi, koma amakweza mtengo wa kulakwa, ndipo amati m'kati mwa dziko muli magulu ambiri okokerana, osati mutu umodzi. Chaka ndi chaka America ankadzudzulidwa ku United Nations. Ogwira ntchito m'madoko ena a ku America ankakana kutsitsa katundu wa ku Rhodesia, ndipo mipingo, ophunzira ndi aphungu achikuda sanaleke kuyankhula. Nigeria, amene anali atayamba kugulitsa mafuta ambiri ku America, sankabisa mkwiyo wake.

Zonsezi n'zoona, koma pali mfundo ina imene okonda nkhani zokoma amailumpha. M'zaka zomwezo mafakitale a zitsulo anayamba kugwiritsa ntchito njira yatsopano yoyengera chitsulo ndi mpweya wa argon ndi oxygen, imene inawalola kugwiritsa ntchito chrome wotsika mtengo wa kwina. Komanso Rhodesia anali atayamba kusungunula yekha mwala wake ku Que Que ndi ku Gwelo, n'kumatumiza ku America chrome woyenga kale pa mtengo umene unagwetsa ena mwa mafakitale a ku America komweko. Pofika 1977 mkhate unali utatsika mtengo. Chikumbumtima chinapambana panthawi imene kupambana kwake sikunalinso kodula.

Chimene chinamaliza Smith kwenikweni ndi kusintha kwa maganizo a omuteteza. Pano chitsanzo cha ankhoswe chingathandize. Banja likamakangana, nkhoswe ya kuchimuna imaimira mwamuna ndipo ya kuchikazi imaimira mkazi. Palibe amene amayembekeza kuti nkhoswe ikhale yopanda mbali. Mlandu umatha nkhoswe iliyonse ikatengera m'bale wake pambali n'kumuuza kuti apa wafika pamapeto. Boma la Portugal litagwa pa 25 Epulo 1974, Mozambique analandira ufulu mu 1975, ndipo pa 3 Malichi 1976 Samora Machel anatseka malire, njanji za ku Beira ndi Maputo zinatsekeka. Rhodesia anatsala ndi khomo limodzi lodalirika, la South Africa. John Vorster, nduna yaikulu ya dzikolo, anaona kuti kuteteza Smith kukuitanira nkhondo pakhomo pake. Anachotsa apolisi ake ku Rhodesia mu 1975, anakhala pamodzi ndi Kenneth Kaunda pa msonkhano wa m'sitima pa mlatho wa Victoria Falls mu Ogasiti chaka chomwecho, ndipo asilikali a Smith atapha anthu ambirimbiri pa msasa wa Nyadzonia mu Ogasiti 1976, anaitanitsa oyendetsa ndege ake ndipo katundu wa Rhodesia anayamba kuchedwa pa njanji. Henry Kissinger, amene Cuba atatumiza asilikali ku Angola anachita mantha kuti chigawo chonse chipita kwa Soviet Union, anayankhula ku Lusaka pa 27 Epulo 1976 kuti America akufuna ulamuliro wa anthu ambiri ku Rhodesia. Smith, amene mu Malichi chaka chomwecho ananena kuti ulamuliro wa anthu akuda sudzabwera ngakhale patapita zaka 1,000, anauvomereza pa wailesi pa 24 Seputembala, atangochokera kokumana ndi Kissinger ndi Vorster ku Pretoria.

Nkhondo inapitirirabe zaka zina zitatu, ndipo zinali zoopsa kuposa zonse: Chimoio mu 1977, ndege ziwiri za anthu wamba zimene asilikali a ZIPRA anagwetsa mu 1978 ndi 1979, milatho ya ku Zambia yophulitsidwa, azungu akusamuka mwezi ndi mwezi. William Zartman amati mkangano umapsa ngati chipatso pamene mbali zonse ziwiri zikumva ululu ndipo palibe imene ikuona njira yopambanira. Ku Lancaster House mu 1979 ankhoswe a mbali inayo anagwiranso ntchito yawo. Kaunda, dziko lake litatopa, anakankha Joshua Nkomo, ndipo Machel anauza Robert Mugabe kuti akakana kusaina asayembekeze kupitiriza nkhondo kuchokera ku Mozambique. Pamsonkhano womwewo Tongogara anadabwitsa anthu popita kukacheza ndi Smith ndi kumukumbutsa za amayi ake ndi za kwawo ku Selukwe. Pangano linasainidwa pa 21 Disembala, ndipo Tongogara anafa pa ngozi ya galimoto ku Mozambique pa 26 Disembala, asanaone dziko limene analimenyera.

Poyeza nkhani ya Israel ndi Palestine ndi muyezo umenewu, chosowa chimaoneka msanga. Nthawi zochepa zimene nkhoswe ya Israel inalimba mtima, zinthu zinasuntha. Dwight Eisenhower anaumiriza Israel kuchoka ku Sinai mu 1957. George Bush wamkulu anachedwetsa chikole cha ngongole za madola 10 biliyoni mu 1991 chifukwa cha midzi ya m'malo olandidwa, m'nyengo yomwe msonkhano wa ku Madrid unachitika. Koma kawirikawiri America wakhala nkhoswe ya mbali imodzi komanso woweruza mlandu nthawi yomweyo, chinthu chimene bwalo la m'mudzi uliwonse silingalole. Apalestina nawo ankhoswe awo akhala ambiri ndi okokerana. Egypt anapanga mtendere wake mu 1979, Jordan mu 1994, maiko ena a Aluya mu 2020, ndipo Iran, amene wathandiza Hamas ndi ndalama ndi zida, sanaonetsepo chidwi choti mlanduwo uthe. Machel analipira mtengo wa nkhondo ya Zimbabwe ndi midzi yake ndi milatho yake, n'chifukwa chake mawu ake anamveka.

Pali mbali ina imene kuwerenga mfuti ndi ndalama sikufikapo, ndiyo mantha ndi maina. John Herz analemba mu 1950 kuti chimene mbali imodzi imachita podziteteza chimaoneka kwa inzake ngati kukonzekera kuukira, ndipo mantha amaberekana. Azungu a ku Rhodesia anaona anthu a ku Belgium akuthawa ku Congo mu 1960 ndipo anakhulupirira kuti kugonja ndi imfa. Alexander Wendt ndi anzake a chiphunzitso cha constructivism amapita patsogolo: amati udani suchokera m'chilengedwe, umamangidwa ndi nkhani zimene anthu amauzana za iwo eni ndi za anzawo, ndipo nkhanizo zimakhala m'mawu. Amene boma la Smith linkawatcha zigawenga, anthu a m'midzi ankawatcha vakomana, anyamata. Boma lomwelo silinkafuna kuti mabuku ake anene poyera kuti Great Zimbabwe inamangidwa ndi anthu akuda, ndipo katswiri wofukula zakale Peter Garlake anachoka m'dzikolo mu 1970 chifukwa cha zimenezi. Chimodzimodzi chaka cha 1948 kwa Aisraeli ndi chaka cha ufulu, pamene kwa Apalestina ndi Nakba, tsoka limene linachotsa anthu oposa 700,000 m'midzi yawo. Malo amodzi ena amati West Bank, ena amati Judea ndi Samaria. Munthu akangotchula dzina wasankha kale mbali, monga momwe kunena Selukwe kapena Shurugwi mu 1978 kukanamuululira munthu.

Apa m'pofunika kusamala, chifukwa kufanizira kuli ndi malire ake, ndipo amene amati Israel ndi Rhodesia wina amalakwitsa masamu ngakhale asanafike pa chilungamo. Azungu a ku Rhodesia sanapitirire anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi pa anthu 100 alionse. Ambiri anali atabwera nkhondo yachiwiri itatha, ndipo anali ndi kopita. Pakati pa mtsinje wa Jordan ndi nyanja ya Mediterranean, Ayuda ndi Aluya ndi ofanana chiwerengero, mbali iliyonse pafupifupi 7 miliyoni. Ayuda ali ndi mbiri yakale m'dzikolo, amakumbukira abale awo 6 miliyoni amene anaphedwa ku Ulaya, ndipo ambiri ndi zidzukulu za anthu amene anachoka kapena kuthamangitsidwa ku Iraq, Yemen, Morocco ndi Egypt. Alibe London wobwererako. Rhodesia sanavomerezedwe ndi dziko lililonse, pamene Israel ndi membala wa United Nations kuyambira 1949. Kuphedwa kwa anthu pafupifupi 1,200 ndi kugwidwa kwa ena pafupifupi 250 pa 7 Okutobala 2023 kunadzutsa mantha akale a mbali imodzi, ndipo kuphedwa kwa anthu zikwi makumimakumi ku Gaza ndi kugumulidwa kwa mizinda yake kunatsimikizira mbali inayo kuti Nakba sinathe. Palibe mbali imene ingasamuke ngati momwe azungu ambiri a Rhodesia anachitira, ndiye mapeto a 1980, oti ochepa apereke boma kwa ambiri, sangakoperedwe momwe alili.

Chofanana chenicheni chili pa zimene mapangano anasiya osakhudza. Lancaster House inapatsa azungu mipando 20 mwa 100 m'nyumba ya malamulo ndipo inateteza mafamu awo kwa zaka khumi, kuti boma ligule malo kwa ofuna kugulitsa okha. Nkhani ya nthaka, imene anthu anafera, anaikankhira kutsogolo. Pangano la Oslo, losainidwa pa 13 Seputembala 1993, linachitanso zomwezo: Jerusalem, othawa kwawo, midzi ya m'malo olandidwa ndi malire, zonse zinasiyidwa kuti zidzakambidwe pambuyo. Mlandu suola. Ku Zimbabwe unabwerera mu 2000 ndi chiwawa cha kulanda mafamu, ndipo zotsala za Gwenoro boma linazitenga mu 2012, Smith atamwalira kale mu 2007. Ku Israel, Yitzhak Rabin anaphedwa ndi Myuda mnzake pa 4 Novembala 1995, mabomba a m'mabasi anapitirira, midzi inakula, ndipo tsiku lokamba nkhani zazikuluzo litafika mu 2000, panalibenso kukhulupirirana.

Tsopano nkhani ya munthu wachitatu uja. Ziphunzitso zonse zatchulidwazi zimawerenga maiko, maboma ndi magulu ankhondo, ndipo munthu wopanda boma lomuimira amagwera m'ming'alu. Amene anamuona ndi olemba mbiri ya ntchito. Giovanni Arrighi anasonyeza kuti anthu akuda a ku Rhodesia sanathamangire ntchito ya azungu mwa kufuna kwawo: poyamba ankalima ndi kugulitsa chimanga m'migodi, mpaka misonkho ndi kulandidwa kwa malo zinawathyola. Charles van Onselen, m'buku lake la 1976 lotchedwa Chibaro, anafotokoza momwe eni migodi anadzazira mpatawo ndi anthu a kumpoto, otsika mtengo ndi osavuta kuwalamulira chifukwa kwawo kunali kutali. Liwu loti chibaro, kapena chibalo, linkatanthauza ntchito ya pangano yolembedwa ndi bungwe lolemba anthu ntchito, koma m'kamwa mwa anthu linafanana ndi ukapolo, ndipo m'Chichewa lafika potanthauza chilango. Anthuwa sanali ofatsa monga ankayembekezera olemba ntchito. Sitalaka ya pa mgodi wa Shamva mu 1927 inatsogoleredwa ndi anthu a ku Nyasaland. Ambiri sanabwerere, anasanduka machona, ndipo n'chifukwa chake m'makomboni a migodi ya ku Midlands mumamveka Chichewa ndi ng'oma za gule wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure.

Ufulu utabwera, ana awo anapezeka kuti alibe mudzi wa makolo m'dziko limene anabadwira, ndipo ankatchedwa mabhurandaya, anthu a ku Blantyre, ngakhale amene Blantyre sanamuonepo. Pogawa mafamu kuyambira 2000, ambiri anataya ntchito ndi nyumba osalandira malo. Lamulo la unzika losinthidwa mu 2001 linafuna kuti aliyense amene angakhale ndi unzika wa dziko lina aukane mwalamulo, ndipo anthu ochuluka obadwira ku Zimbabwe analembedwa kuti ndi alendo pa zitupa zawo, osaloledwa kuvota. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndiwo anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikolo amene kholo lawo linachokera ku dziko la SADC, ngakhale kupeza mapepala kukadali kovuta kwa amene makolo awo anafa opanda chitupa. Mdzukulu wa mchona amadziwa pang'ono tanthauzo la kubadwira pamalo amene boma lake silikuwerenga, monga Mpalestina wa m'misasa ya ku Lebanon amene agogo ake anachoka ku Galilee mu 1948.

Nkhani ya ntchito ikufotokozanso chifukwa chimene Rhodesia anali wosalimba. Patrick Wolfe anasiyanitsa atsamunda ofuna thukuta la eni dziko ndi ofuna nthaka yokha. Rhodesia ankafuna zonse ziwiri, ndipo popanda manja a anthu akuda mgodi wa Selukwe Peak sukanatulutsa ngolo ngakhale imodzi. Ngakhale gulu lankhondo la Smith linali ndi asilikali akuda ambiri. Atsogoleri oyambirira a Chizioni, mosiyana, ankalimbikitsa kuti ntchito izigwiridwa ndi Ayuda okha. Pambuyo pa 1967 Apalestina oposa 100,000 ankagwira ntchito m'minda ndi pa zomangamanga ku Israel, koma kuyambira m'zaka za m'ma 1990 malire akatsekedwa malo awo ankatengedwa ndi anthu a ku Thailand, Romania ndi maiko ena. Boma limene lingasinthe antchito ake ndi ndege silimva sitalaka monga linkamvera boma la Smith.

Maiko a olankhula Chichewa sanayendepo njira imodzi pa nkhaniyi. Zambia anadula ubale ndi Israel mu 1973 pamodzi ndi maiko ambiri a mu Africa, n'kuubwezeretsa mu 1991. Zimbabwe anavomereza dziko la Palestine mu 1988 ndipo anayamba ubale ndi Israel mu 1993. Dr. Kamuzu Banda, amene a Young Pioneers ake anaphunzitsidwa mothandizidwa ndi alangizi a ku Israel, anakana kudula ubalewo, monganso anatsegulira ubale ndi South Africa mu 1967. Ankati dziko losauka lopanda doko silisankha abwenzi ndi mtima, ndipo Morgenthau sakanamutsutsa. Ku Shurugwi, kampani ya Zimasco, imene inalowa m'malo mwa Union Carbide, inagulidwa ndi Sinosteel ya ku China mu 2007, ndipo ntchito zambiri za m'derali tsopano zili pa mgodi wa platinum wa Unki ndi m'maenje a okumba golide paokha.

Pambuyo pa 7 Okutobala 2023, Israel analetsa antchito ambiri a Chipalestina kulowa m'dzikolo, ndipo anthu zikwizikwi a ku Thailand anabwerera kwawo, ena mwa anzawo ataphedwa ndi kugwidwa pa tsikulo. Minda inasowa manja. Kumapeto kwa Novembala chaka chomwecho ndege inanyamuka ku Lilongwe ndi achinyamata a ku Malawi oposa 200 kupita kukagwira ntchito m'mafamu a ku Israel, ndipo ena anatsatira. Boma linati ndi mwayi wa ntchito ndi ndalama zakunja panthawi imene kwacha inali itangotsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti; otsutsa anafunsa chifukwa chimene panganolo linachitikira mwachinsinsi ndi amene adzayankhe achinyamatawo akavulala. Mu Epulo 2024 Malawi anatsegula ofesi ya kazembe wake ku Tel Aviv.